Kuyenda m'gombe la Tanzania pa basi ndi kandege: mafunso ndi mayankho

Mafunso awawa amangobwerabwera, ena ochokera kwa anthu oti ku Dar anafikako kale kukaoda katundu ku Kariakoo kapena kukatenga galimoto kudoko, koma nyanja anangoiwonera pawindo la bajaji. Ndiye ndawaika pamodzi. Mitengo imasintha, pomwe ndatchula ndalama mudzafunsenso musananyamuke.

Ulendo wake ndi wotani kwenikweni?

Ndi ulendo wa munthu ndi chikwama chake chakumsana basi. Mumafika ku Dar es Salaam, kenako mumatsata gombe la Indian Ocean, kumpoto kuli Bagamoyo, Pangani ndi Tanga, kummwera kuli Kilwa, Lindi ndi Mtwara, ndipo m'nyanjamo muli zilumba zitatu zikuluzikulu: Unguja (chomwe tonse timangoti Zanzibar), Pemba ndi Mafia. Kumtunda mumayenda pa basi. Ndege yaing'ono mumailipira pokhapokha pomwe pali madzi ataliatali oti muwoloke. Amene amafuna kukwera ndege paliponse ndalama zimawathera tsiku lachinayi, ndipo amene amakaniratu ndege amataya masiku awiri padoko kudikira boti. Pakatipo ndi pomwe pali nzeru.

Pemba ndikunenayi ndi chilumba cha ku Tanzania, osati tawuni ya Pemba ya ku Mozambique, anthu amasokoneza kwambiri.

Ku Dar ndikafika bwanji kuchokera kuno?

Njira yake ndi yomwe ija ya amalonda. Mzuzu, Karonga, boda ya Songwe, mukawoloka mlatho mwafika pa Kasumulu. Pamenepo mukwera kabasi kodutsa ku Tukuyu kukafika ku Mbeya, maola awiri kapena atatu kutengera kuti kaima kangati. Kuchoka ku Mbeya kufika ku Dar ndi makilomita opitilira 800, tsiku lathunthu mpando uli kumsana. Mumadutsa Makambako, Iringa, kutsetsereka phiri la Kitonga lomwe ma thiraki amakwawa ngati akudwala, kenako msewu umadutsa m'kati mwenimweni mwa Mikumi National Park, ndiye ngati kukadali kowala khalani maso, akadyansonga ndi mbidzi mumaziwona ulere. Mukapitilira Morogoro ndi Chalinze mwayandikira.

Mabasi akumtunda masiku ano amatsitsira pa Magufuli Bus Terminal ku Mbezi, yomwe inalowa m'malo mwa Ubungo mu 2021, ndipo ndi patali ndithu ndi m'tawuni. Ngati mwafika usiku musayambe kuyendayenda ndi chikwama kufuna mtengo wotsika, itanani takisi ya pa foni ya Bolt kapena gonani pafupi pomwepo.

Sitima ya TAZARA imadutsanso pa Mbeya. Ndi yokoma, mumagona chotambasula miyendo, koma siyenda tsiku lililonse ndipo ndi ya munthu amene alibe changu.

Pa boda pamafunika chani? Viza?

Wa pasipoti ya Malawi safunika viza, amakupatsani mpaka masiku 90. Onetsetsani kuti pasipoti yatsala ndi miyezi 6 kapena kuposa isanathe. Ngati muli ndi kakhadi kachikasu ka katemera katengeni, sikalemera. Majumbo apulasitiki aja ogulira zinthu analetsedwa ku Tanzania kuyambira pa 1 Juni 2019, ndiye nsapato zanu musakulunge m'jumbo, pezani kathumba kansalu.

Za Zanzibar zili ndi zakezake, onani funso la boti m'munsimu.

Ndalama nditenge zotani?

Kwacha imathera pa boda. Ku Dar mukaitulutsa angokuyang'anani. Sinthani pang'ono pa Songwe zoti zikufikitseni ku Mbeya, ndipo posintha werengani nokha ma shilingi m'manja mwanu musanapereke zanu, munthu akayamba kukufulumizitsani kapena anzake akakuzungulirani ingochokanipo. Vuto la foreks kwathu kuno nonse mukulidziwa, ndiye nkhani ya madola muyambe kuyithamangira miyezi isanakwane, osati sabata yonyamuka. Ndipo funsani ku banki kwanu kuti khadi lanu limaloledwa kutulutsa zingati kunja, musakadzidzimukire pa ATM ya ku Tanga.

Chinthu chothandiza zedi ndi kugula simu khadi ya komweko, Vodacom kapena Airtel, amalembetsa ndi pasipoti, n'kuikamo ndalama. M-Pesa, ndalama za pa foni za Vodacom, imagwira ntchito ngakhale m'timidzi ta asodzi momwe mulibe banki. Ku Mafia ndi ku Pangani pitani muli ndi ma shilingi okwanira m'thumba.

Tikiti yalembedwa saa 12 koma akuti basi ndi yam'mawa, zikutheka bwanji?

Apa pagona anthu ambiri. Choyamba, Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi, ikamakwana 6 koloko ku Karonga, kutsidya kwa mlatho ndi 7 koloko. Chachiwiri, pa Chiswahili maola amayamba kuwerengedwa dzuwa likatuluka, ndiye saa moja ndi 7 koloko, saa 12 asubuhi ndi 6 koloko m'mawa. Wonjezerani kapena chotsani 6. Ngati mukukayika muwonetseni kalaliki foni yanu alozepo nthawi yake, palibe chamanyazi.

Ndili ndi masabata awiri okha, ndipite kumpoto kapena kummwera?

Kwa munthu woyamba ndimati kumpoto, chifukwa njira yake imazungulira bwino osabwerera m'mbuyo kwambiri: Dar, Bagamoyo, Tanga, Pangani, kenako kandege kuchoka ku Tanga kupita ku Pemba kapena ku Zanzibar, n'kubwerera ku Dar pa boti.

Bagamoyo ndi pafupi, makilomita pafupifupi 70, tsiku limodzi lakwana. Kuli mabwinja a Kaole, nyumba zakale za Ajeremani, ndi tchalitchi cha mishoni ya Katolika momwe anagonekamo thupi la David Livingstone mu 1874, Susi ndi Chuma ndi anzawo atalinyamula wapansi kuchokera ku Chitambo ku Zambia. Tanga ndi tawuni yofatsa, anthu amayenda pa njinga, kuli mapanga a Amboni. Pangani ndi kakang'ono kwambiri, mukawoloka mtsinje kupita ku Ushongo mupeza gombe lalitali la mitengo ya kokonati loti mutha kuyenda ola lathunthu osakumana ndi wokugulitsani kanthu.

Koma mtima wanga uli kummwera, kunena zoona. Alendo ndi ochepa, mitengo ndi ya eni dziko, ndipo kuli Kilwa.

Ku Kilwa kuli chani chomwe mumachitama chonchi?

Choyamba dziwani kuti ma Kilwa alipo atatu. Kilwa Masoko ndi pomwe pamafikira basi komanso pomwe pali malo ogona. Kilwa Kisiwani ndi kachilumba kali tsidya lake, mphindi zochepa pa boti. Kilwa Kivinje ndi tawuni yakale ya asodzi chakumpoto pang'ono.

Mabasi akummwera ambiri mumawapeza ku Mbagala kapena ku Temeke, osati ku Mbezi, ndiye funsani dzulo lake. Ulendo wake ndi makilomita 300 ndi kena, mumawoloka mtsinje wa Rufiji pa mlatho wa Mkapa womwe unatsegulidwa mu 2003, ndipo ngati mwakwera basi ya ku Lindi kapena Mtwara mutsikire pa Nangurukuru n'kupeza kagalimoto kolowa ku Masoko.

Ku Kisiwani simumangopita, mumayamba mwatenga chilolezo ku ofesi yoona zakale ku Masoko n'kupeza wokuperekezani. Kumeneko kuli mzikiti waukulu womangidwa ndi miyala ya m'nyanja, denga lake la timiphika tovindikira ena akadali chiimire, kuli Husuni Kubwa, nyumba ya mfumu yomwe inali ndi dziwe losambiramo la ngodya 8 pamwamba pa phompho loyang'ana kunyanja. Mzindawu unalemera ndi golide wochokera ku Zimbabwe kudzera ku Sofala, Ibn Battuta anafikako mu 1331, ndipo UNESCO inawuika pa mndandanda wake mu 1981 pamodzi ndi Songo Mnara. Mumayenda m'mabwinjamo muli nokha ndi mbuzi za anthu a pamudzipo.

Koma kwa ife a kuno, Kivinje ndi komwe kumagwira mtima. M'zaka za m'ma 1800 anthu ogwidwa ukapolo m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ambiri owolotsedwa ndi a Jumbe ku Nkhotakota, ankayendetsedwa wapansi mpaka kukafika pa Kivinje, n'kukwezedwa m'zombo kupita kumsika wa ku Zanzibar. Lero pali nyumba zogumuka, boma lakale la Ajeremani, ndi ngalawa za matanga zikutsitsa nsomba. Palibe zikwangwani zambiri zokufotokozerani. Khalani padokopo madzulo muganize mtunda womwe mwayenda pa basi kuchokera ku Karonga, ndiye ena anawuyenda ndi mapazi.

Ndiye ndegeyo ndiikwere pati kuti ndalama isapite pachabe?

Malo awiri: ku Mafia ndi ku Pemba.

Ku Mafia pa ndege ndi mphindi 30 kapena kupitilira pang'ono kuchokera ku Dar. Njira inayo ndi kukwera basi ku Mbagala mpaka ku Nyamisati, m'matope a mathero a Rufiji, kugona komweko kapena kudikira, kenako maola anayi kapena asanu pamadzi, ndipo nthawi yonyamuka imatengera madzi kuti adzaza liti. Ndi yotchipa kwambiri, eni ake amayenda momwemo tsiku ndi tsiku. Ngati thumba lavuta pitani pa boti nyanja ikakhala bata n'kubwerera pa ndege, mwaona zonse ziwiri. Pamwambapo mumaona Rufiji akugawikana timitsinje tambirimbiri m'nkhalango ya m'madzi, madzi ofiira akukumana ndi obiriwira, zomwe pa basi simungazione.

Ku Pemba, kuchoka ku Tanga, ndege ndi kanthawi kochepa kukatera ku Chake Chake, pomwe sitima yapamadzi siyenda tsiku lililonse ndipo madzi apakati pamenepo ndi akuya, amavuta.

Pakati pa Dar ndi Kilwa kapena Dar ndi Tanga musavutike ndi ndege, basi ikukwanira.

Kandegeko ndi kotani? Ine sindinakwerepo ndege, sikoopsa?

Makampani odziwika ndi Coastal Aviation ndi Auric Air, ndipo ndege zawo zambiri ndi Cessna Caravan, injini imodzi kutsogolo, anthu 12 kapena 13. Ku Dar zimanyamukira pa Terminal 1 ya bwalo la Julius Nyerere, kanyumba kakale kapadera, muuzeni woyendetsa takisi momveka chifukwa akangomva eyapoti amakusiyani ku Terminal 3 komwe kumanyamukira zopita kunja.

Mkati mumalowa chowerama. Mulibe chimbudzi, mulibe wogawa tiyi, payiloti mumamuona msana wake ndi mabatani ake onse, amatembenuka yekha kukuuzani za malamba, ndipo kakadzaza munthu mmodzi amakhala pampando wa pambali pake. Ukakhala mwayi wanu manja akhale pamiyendo. Kamalira kwambiri, ndipo masana kukatentha kamadumphadumpha m'mwamba, ndiye ngati mumachita nseru sankhani ulendo wam'mawa, idyani pang'ono. Chinanso, kamatha kutera malo awiri atatu musanafike kwanu, kutsitsa ena kukweza ena, ndiye mvetserani payiloti akamatchula malo musatsikire pa eni ake.

Za mantha, tindege timeneti timauluka kangapo patsiku chaka chonse ndipo nyengo ikaipa amachedwetsa ulendo. N'chifukwa chake tsiku lobwerera ku Dar lisakhale lomwelo lomwe mwagulira tikiti ya basi ya ku Mbeya.

Chikwama chikhale chachikulu bwanji?

Malire ake nthawi zambiri ndi makilogalamu 15, ena amalola 20, ndipo amafuna chikwama chofewa chifukwa katundu amalowa m'kabokosi kapansi pa mimba ya ndege, sutikesi yolimba ya matayala sikwanamo bwino. Amayeza zonse, chapamanja chomwe. Zovala zopepuka zochepa, chitenje (chimakhala thawulo, chofunda, chotchinga dzuwa), chaja ndi pawabanki, tochi, mankhwala othamangitsa udzudzu, nsapato zolowa nazo m'madzi. Juzi imodzi ya ku Tukuyu ndi Makambako komwe kumazizira, komanso ya m'basi momwe amatsegula eyakoni usiku onse.

Ngati mukufuna kuodanso katundu ku Kariakoo, chitani zimenezo pobwerera. Musazungulire zilumba ndi chibelo.

Ku Zanzibar, boti kapena ndege?

Boti. Ndege ndi mphindi 20 zokha, koma mukawerengera ulendo wa ku eyapoti ndi mzere wa magalimoto a mu Dar, mwafanana ndi amene wakwera boti la Azam Marine, lomwe limatenga maola awiri n'kukusiyani pakhomo penipeni pa Stone Town. Doko lake la ku Dar lili m'tawuni moyang'anana ndi tchalitchi cha St Joseph. Mlendo wakunja amalipira mtengo wina, kwa zaka zambiri wakhala cha m'ma 35 dola, ndipo Mmalawi ndi mlendo wakunja ngakhale khungu likufanana, musayese kugula tikiti ya nzika chifukwa amaona chiphaso pokwera. Panja pa doko pali anyamata ambiri ofuna kukunyamulirani chikwama ndi kukulozerani ofesi ina, inu lowani mu ofesi yeniyeni mugule nokha, kapena gulani pa intaneti.

Mukafika amaonanso pasipoti ngakhale mukuchokera ku Dar komweko. Kuyambira Okutobala 2024 boma la Zanzibar limafunanso kuti alendo akunja agule inshulansi ya Zanzibar Insurance Corporation, inayamba ndi 44 dola, ndiye iwoneni pa intaneti musanafike padoko.

Ndipo chonde, maboti odzaza mopitilira muyeso kapena ngalawa zausiku zoti akuti n'zotchipa, zisiyeni. Spice Islander inamira mu 2011 pakati pa Unguja ndi Pemba, Skagit inamira mu 2012, anthu mazanamazana anapita.

Ku Zanzibar sikodula mopitilira? Ndikhale kuti?

Kumadula ngati mukutsata azungu. Dala dala, maminibasi a kumeneko, zimafika ku Nungwi, Paje ndi Jambiani pa mtengo woti takisi simungayerekeze n'komwe. Mu Stone Town gonani masiku awiri, sokerani dala m'tinjira take, madzulo pitani kumsika wa zakudya wa Forodhani mukamwe madzi a nzimbe ndi supu ya urojo, koma funsani mtengo musanadye. Kaoneninso tchalitchi cha Anglican cha Christ Church chomwe chinamangidwa pomwe panali msika wa akapolo. Anachimanga ndi amishoni a UMCA, omwe ajanso anamanga St Peter's ku Likoma.

Ndimasambira bwinobwino ku Salima ndi ku Nkhata Bay, pali kusiyana?

Kulipo, kwakukulu. Nyanja yathu imakhala pomwe mwaisiya. Iyi imaphwa ndi kudzaza kawiri patsiku, ndipo kum'mawa kwa Zanzibar monga ku Paje ndi Jambiani madzi amathawa mtunda wautali zedi, mumadzuka m'mawa kupeza mchenga wokhawokha ndi amayi akukolola ndere zomwe amalima m'madzimo. Mukatsatira madziwo kutali dziwani kuti pobwerera amathamanga kuposa momwe mukuganizira. Funsani pamalo ogona kuti lero adzaza nthawi yanji. Amene mukufuna kusambira nthawi iliyonse pitani ku Kendwa kapena Nungwi.

Pansi pali tizilombo takuda tozungulira taminga italiitali, mukatiponda minga imathyokera m'phazi, n'chifukwa chake ndinatchula nsapato zija. Mchere umawawa m'maso ndipo mukatuluka muzisamba madzi abwino. Ubwino wake mumayandama mosavuta, komanso likodzo mulibe.

Ku Mafia, mbali ya Utende ndi Chole Bay ili m'kati mwa Marine Park yomwe inakhazikitsidwa mu 1995, ndipo mumalipira tsiku lililonse lomwe mwagona m'katimo. Wa ndalama zochepa agone ku Kilindoni, kunja kwa paki, komwenso ndi komwe maboti okaona ma whale shark amanyamukira. Chinsomba chake chimatha kutalika kuposa boti lomwe mwakwera koma sichiluma munthu.

Mwezi wabwino ndi uti?

Pewani Epulo ndi Meyi, mvula yake ndi yosaleka, misewu yafumbi ngati ya ku Ushongo imavuta ndipo malo ena ogona amatseka. Juni mpaka Okutobala kumakhala kouma komanso kozizirira, koma Juni ndi Julayi mphepo ya kummwera imawinduka ngati mwera wathu uja, pa boti anthu amasanza. Ma whale shark ku Mafia amaoneka kwambiri kuyambira Okutobala mpaka Febuluwale. Disembala ndi Januwale kumatentha kothetsa nzeru ndipo mitengo ku Zanzibar imakwera chifukwa cha tchuthi.

Zogona ndi zakudya?

Tawuni iliyonse ili ndi magesiti a anthu wamba pafupi ndi depoti. Onani chipinda musanalipire: neti ilibe zibowo, fani ikuzungulira, madzi akutuluka. Malungo kugombe aliko ndithu. Chakudya sichingakuvuteni, ugali ndi nsima yomweyo kungoti yolimbirapo, wali maharage (mpunga wa nyemba), chipsi mayai (tchipisi cha mazira), nsomba ya mu kokonati, ndipo kwa amayi ophika m'mbali mwa msewu mumakhuta ndi ndalama yochepa. Pweza, chanyama cha miyendo 8 chija, yesaniko kamodzi musanakane.

Chiswahili sindidziwa, ndipo akuti kuli Asilamu okhaokha, ndikavala chani?

Mawu ambiri mudzangowamva nokha chifukwa zilankhulo zathu ndi zapachibale, ndipo a ku Karonga ndi ku Mangochi ambiri amachidziwako kale. Phunzirani manambala ndi moni, ndipo munthu wamkulu mumupatse moni waulemu wa shikamoo musanafunse njira. Kugombe konse, makamaka ku Pemba, Kilwa ndi Stone Town, valani zofika m'mawondo ndi zophimba mapewa, zosambira zithere kunyanja konko. M'mwezi wa Ramadan musamadye kapena kusuta poyera masana, ndipo malo ambiri odyera amatsegula dzuwa likalowa. Musajambule anthu osapempha.

Ndingabwerere njira ina osadzeranso ku Dar? Nanga kuwolokera ku Mozambique?

Ngati mwatsikira kummwera, inde. Kuchoka ku Kilwa pitilirani ku Lindi, mugone ku Mikindani pafupi ndi Mtwara, kenako mukwere basi yodzera ku Masasi ndi Tunduru mpaka ku Songea, msewu wake ndi wa tala. Kuchoka ku Songea mukwera ya ku Njombe ndi Makambako n'kufika ku Mbeya, kapena mutsikire pa Uyole pomwe pamapatukira msewu wa ku Kasumulu. Patulani masiku atatu. Ena amafunsa za Mbamba Bay poti ili moyang'anana ndi Nkhata Bay, koma musapite kumeneko mukudalira kuti mukapeza sitima yowolokera kwathu pokhapokha mutatsimikiza musananyamuke ku Songea.

Zowoloka mtsinje wa Ruvuma kulowa ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, ayi. Kumeneko kwakhala nkhondo ya zigawenga kuyambira Okutobala 2017, ndipo mu 2020 anafika mpaka pa mudzi wa Kitaya mbali ya Tanzania. Gombe la Mozambique mudzalipangire ulendo wakewake, wolowera ku Muloza kapena ku Chiponde kupita ku Nampula ndi Ilha de Moçambique.